Oyilo wa mu difu: tiyeze ndi malita kapena ndi bowo lothirira?

Bambo Mbewe, Kasungu

Moni nonse abale anga a pa gulu lino. Ndili ndi Toyota Hilux ya dizilo imene ndimanyamulira fodya ndi chimanga kuchokera kumunda kwathu ku Chamama, ndipo dzulo ndinaganiza zosintha ndekha oyilo wa mu difu ya kumbuyo (bokosi la magiya limene lili pakati pa matayala n'kumawagawira mphamvu ya injini), pakuti chiigulireni galimotoyi sindinamusinthepo. Ndinagula malita atatu a oyilo wa magiya wa 80W-90 chifukwa wogulitsa anandiuza kuti difu ya Hilux imamwa malita atatu. Nditakhetsa oyilo wakale ndi kumanga pulagi ya pansi, ndinayamba kuthira watsopano, koma botolo lachitatu lisanathe oyilo anayamba kubwerera pa bowo lomwelo n'kumayenderera pansi. Watsala pafupifupi theka la lita. Mnansi wanga akundilangiza kuti ndiimike galimoto pamtsetse, mutu wake utaloza kumunsi, kuti wotsalayo alowe yense. Kodi nditsatire malangizo amenewa, kapena ndisiye pomwe afikapa? Galimoto ndaiimika kaye mpaka nditamva kwa inu odziwa.

A Gondwe, makaniko wa ku Mzuzu

Bambo Mbewe, mwachita bwino kufunsa musanayende. Musaimike galimoto pamtsetse ndipo musaikweze ndi jeke pofuna kuti oyilo wotsalayo alowe. Bowo limene mukuthirira oyilo ndilo muyeso wake, ndipo anthu amene anapanga difu analiboola pamsinkhu umenewo mwadala. Galimoto ikaima pamalo osapendekeka, matayala onse anayi ali pansi, oyilo ayenera kufika m'mphepete mwa bowolo cha kumunsi kwake. Mabuku a Toyota amalola kuti atsike ndi mamilimita osapitirira 5 kuchokera pamenepo. Ife kugalaja timangopisa chala chaching'ono m'bowomo n'kuchipinda pang'ono. Chikakhudza oyilo, ndiye kuti wakwana.

Ndifotokoze chifukwa chake kuti mumvetse bwino. M'difu ngati yanuyo mulibe pampu yoyendetsa oyilo. Muli giya yaikulu yozungulira imene timaitcha crown wheel, ndipo mbali yake ya pansi imakhala yomira mu oyilo. Galimoto ikamayenda, mano a giyayo amatunga oyilo n'kumamuwaza m'kati monse, mpaka kufika pa pinion, giya yaing'ono yozungulitsa crown wheel, ndi pa ma bearing ake. Tsono chofunika si kuchuluka kwa malita amene mwalipira, koma msinkhu umene oyilo wafika pa giyayo.

Che Jafali, Mangochi

Ine ndiyankhe mosiyanako pang'ono, a Gondwe andikhululukire. Ndakhala ndikuyendetsa minibasi ya Toyota Hiace pakati pa Mangochi ndi Liwonde kwa zaka zambiri, ndipo akuluakulu amene anandiphunzitsa ntchitoyi ankanena kuti galimoto yonyamula katundu wolemera uziiwonjezera oyilo kupitirira pa bowo. Kuno kunyanja kumatentha kwambiri, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, ndipo difu imachita kuotcha ukaigwira. Oyilo ndi wotsika mtengo poyerekeza ndi crown wheel ndi pinion. Ine ndimakweza kumbuyo ndi jeke n'kuwonjezera pafupifupi theka la lita, ndipo difu yanga sinalirepo. Ndikuona ngati kuperewera ndiko koopsa, osati kuchuluka.

A Gondwe, makaniko wa ku Mzuzu

Che Jafali, pa mfundo yakuti kuperewera n'koopsa tikugwirizana ndithu. Oyilo akachepa, choyamba kuvutika ndi ma bearing a pinion, chifukwa ali kutsogolo ndipo amangodalira oyilo wowazidwa uja. Amayamba kulira pang'onopang'ono, kenaka mano a magiya amatentha n'kuyamba kudyana. Koma kuwonjezera kupitirira muyeso sikuziziritsa difu monga mukuganizira. Giya ikamira kwambiri imatakasa oyilo ngati mmene mthiko umatakasira phala, ndipo kutakasako kumawonjezera kutentha m'malo mokuchepetsa. Oyilo amachita thovu, ndipo thovu ndi mpweya, silingateteze mano a chitsulo amene akukhuzana ndi mphamvu.

Chachiwiri ndi chakuti oyilo akatentha amafufuma ndipo amafuna malo. Pamwamba pa chitsulo cha ekiselo pali kachipangizo kakang'ono kopumira, kamene timakatcha breather, kotulutsa mpweya wotentha. Oyilo akachuluka amatulukira pamenepo, kapena amakankha ma seal (malabala otchinga oyilo) a kumapeto kwa ekiselo, kumene kuli matayala. Akadutsa pa seal amagwera m'dramu ya mabuleki n'kunyowetsa nsapato za mabuleki. Ndikupemphani kuti mawa m'mawa, musananyamule anthu, mugwade ndi kuyang'ana mbali ya m'kati ya matayala anu a kumbuyo. Mukapeza fumbi lakuda lomata ngati phula, dziwani kuti theka la lita limene mumawonjezera lija likutulukira pamenepo.

Mayi Nabanda, Lilongwe

Zimene a Gondwe akunenazi zinandichitikira ine, ndipo ndikazikumbukira mtima umandiwawabe. Ndinapereka Nissan Hardbody yathu ku galaja ina kuti asinthe maoyilo onse tisanapite ku maliro ku Monkey Bay. Mnyamata amene anagwira ntchitoyo anali atakweza kumbuyo kokha, ndipo anathira mpaka botolo lonse linatha. Ulendo woyamba sitinaone vuto, koma patapita milungu ingapo, tikutsika mapiri a Golomoti, ndinamva kuti ndikaponda buleki galimoto ikukokera mbali imodzi. Aliyense amene anadutsapo pamsewu umenewu akudziwa mmene makhota ake alili. M'galimoto munali ana anga awiri ndi apongozi anga. Titafika kumunsi bwinobwino, makaniko wina anachotsa tayala la kumanzere ndipo tinapeza nsapato za mabuleki zitanyowa ndi oyilo wonunkha uja. Tinasintha seal ndi nsapato za mbali zonse ziwiri, pakuti nsapato zikamwa oyilo sizitsukika. Che Jafali, inu mumanyamula miyoyo ya anthu tsiku ndi tsiku, chonde musaipeputse nkhaniyi.

Bambo Chirwa, Johannesburg

Moni kumudzi konse. Ine ndimagwira ntchito m'galaja ya mabaki (mapikiapu) kuno, ndipo ndikufuna kuwayankha Bambo Mbewe pa funso limene likuwasowetsa mtendere, lakuti n'chifukwa chiyani oyilo watsala pamene anauzidwa malita atatu.

Dzina lakuti Hilux ndi limodzi, koma madifu ake si amodzi. Galimotoyi yapangidwa kuyambira mu 1968, ndipo kukula kwa difu kumasiyana malinga ndi chaka, injini, komanso ngati imakoka ndi matayala awiri kapena anayi. Wogulitsa oyilo amatchula nambala yoti ikukwanireni kuti musabwerere kusitolo, si kuti wayeza difu yanu. Komanso mukakhetsa oyilo wakale, sikuti amatuluka yense. Wina amatsalira pa magiya ndi m'mikono iwiri ya ekiselo, makamaka ngati mwakhetsa galimoto ili yozizira, pamene oyilo ali wokhuthala ngati uchi. N'chifukwa chake timayamba tayendetsa galimoto makilomita angapo kuti atenthe ndi kusungunuka.

Komabe musafulumire kumanga pulagi oyilo akangoyamba kubwerera. Oyilo wa magiya amayenda mochedwa, ndipo nthawi zina amabwerera chifukwa chakuti mwathira mofulumira kapena payipi yatseka bowo lonse mpweya n'kusowa potulukira. Dikirani mphindi zisanu kapena khumi, muzungulitse matayala pang'ono ngati n'kotheka, kenaka mupisenso chala. Kawirikawiri mudzapeza kuti watsikako, ndipo mudzawonjezera pang'ono mpaka ayambe kudontha mwapang'onopang'ono. Akasiya kuyenderera n'kumangodontha, mangani.

Pali chinthu china chimene ndimauza aliyense wophunzira ntchito kwa ine. Muziyamba mwamasula pulagi yothirira musanakhudze yokhetsera. Ndaonapo anthu atakhetsa oyilo yense kenaka n'kupeza kuti pulagi ya pamwamba yagwira dzimbiri, mutu wake wadyeka, ndipo galimoto singayendenso kupita kwa wowotcherera. Pa Toyota zambiri mapulagi a difu ya kumbuyo amafuna soketi ya 24, ndipo mutu wake ndi waufupi, choncho sipanala yotakasuka imaudya msanga. Pomanga, buku limanena 49 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), ndiponso washala wa pa pulagi ayenera kukhala watsopano chifukwa amaphwanyika pomanga kuti atseke bwino, ndipo wakale sabwereranso m'chimake.

Bambo Mbewe, Kasungu

Zikomo kwambiri nonse. Ndavomereza kuti ndinakhetsa galimoto ili yozizira, m'mawa kwambiri, ndiponso pabwalo panga m'popendekeka pang'ono. Mawa ndiikankhira pakhonde la shedi ya fodya, pamene pali simenti yosalala, kuti ndiyezenso. Washala ndinabwezera wakale yemweyo, choncho ndituma mwana kuti akandigulire watsopano ku boma.

Achimwene Kondwani, Zomba

Pepani akuluakulu, ine ndine wachilendo pa nkhani za galimoto. Ndangoyamba kumene kuyendetsa Toyota Sienta yonyamula anthu, ndipo nditawerenga zonsezi ndakwawira pansi pake kufunafuna difu ya kumbuyo koma sindinaione. Kodi ndiye kuti ineyo oyilo ameneyu ndizimuthira pati?

A Gondwe, makaniko wa ku Mzuzu

Achimwene, funso lanu ndi labwino ndipo ambiri amasokonezeka pamenepa. Ngati Sienta yanu imakoka ndi matayala a kutsogolo okha, monga zilili zambiri, difu yake ili m'kati mwa giyabokosi ndipo imagwiritsa ntchito oyilo wa giyabokosiyo. Musathire 80W-90 paliponse pa galimoto imeneyo, makamaka ngati ili ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki, imene imafuna oyilo wakewake. Zimene tikukambirana pano zikukhudza galimoto zimene zili ndi propshaft, chitsulo chachitali chozungulira chopititsa mphamvu ya injini ku difu ya kumbuyo, monga Hilux, Hiace, Land Cruiser ndi malole.

Bambo Makwinja, Chikwawa

Ndikugwirizana ndi zonse zimene zanenedwa za bowo lothirira, koma ndiwonjezere chenjezo la ife a kuchigwa cha Shire, chifukwa pali nthawi imene bowolo limanama. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, misewu ndi milatho yambiri kuno inakokoloka, ndipo kwa nthawi yaitali tinkawoloka mitsinje ndi galimoto. Tsiku lina ndinamasula pulagi yothirira pa Land Cruiser imene ndimayendetsa, ndipo oyilo anatuluka yekha ndi mphamvu. Poyamba ndinasangalala kuti difu ndi yodzaza, koma nditayang'anitsitsa ndinaona kuti mtundu wake wasintha, wayera ngati tiyi wothira mkaka wambiri. Munali mutalowa madzi.

Zimachitika motere: difu ikakhala yotentha n'kumira mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala, ndipo difu imakoka madzi kudzera pa breather kapena pa ma seal otopa. Madzi ndi olemera kuposa oyilo, choncho galimoto ikagona usiku amakhazikika pansi n'kukweza oyilo pamwamba. Munthu wopisa chala amamva kunyowa n'kumanga pulagi mtima uli m'malo, pamene mano a crown wheel akusamba m'madzi ndipo ma bearing ayamba dzimbiri. Tsono ngati simunawonjezere oyilo koma mwapeza kuti wakwera kupitirira bowo, musayamikire, fufuzani. Masulani pang'ono pulagi ya pansi galimoto itagona; ngati muli madzi, ndiwo amayamba kudontha.

Kuyambira nthawi imeneyo ndinachotsa kachipewa ka breather, ndinalumikiza payipi ya labala n'kuikweza mpaka kuseri kwa bodi, ndipo kumapeto kwake ndinaikako kafyuluta kakang'ono ka petulo kuti fumbi lisalowe. Nyengo ya dzinja ndimayang'ana mtundu wa oyilo nthawi iliyonse ndikawoloka madzi ofika pa ekiselo.

Che Jafali, Mangochi

A Gondwe ndi Mayi Nabanda, ndachita zimene munandiuza. Tayala la kumanja ndi louma, koma la kumanzere lili ndi fumbi lakuda lomata kuseri kwa dramu, ndipo likununkha oyilo wa difu. Ndinkaliona kale koma ndinkaganiza kuti ndi girisi. Lero sindinyamula anthu, ndapita nayo kuti akatsegule. Komabe nkhawa yanga ya kutentha ikadalipo. Ngati kuwonjezera sikuthandiza, kodi munthu wonyamula katundu wolemera kumalo otentha achite chiyani? Ena amandiuza za 85W-140, ena akuti ndizithira oyilo yemweyo amene ndimathira m'giyabokosi kuti ndisamagule mitundu iwiri.

Bambo Chirwa, Johannesburg

Che Jafali, mwachita chinthu cholemekezeka kuimitsa minibasi tsiku la ntchito. Pa botolo la oyilo wa magiya pali zolemba ziwiri zosiyana, ndipo anthu amazisokoneza. Manambala ngati 80W-90 kapena 85W-140 amanena za kukhuthala kwake: nambala yoyamba ikunena mmene amayendera kukazizira, yachiwiri mmene amakhalira akatentha. Zolemba zakuti GL-4 kapena GL-5, zimene zinakhazikitsidwa ndi bungwe la American Petroleum Institute, zimanena za mankhwala oteteza chitsulo amene asakanizidwamo.

Difu ya galimoto ngati zathuzi imafuna GL-5, ndipo chifukwa chake chili pa kapangidwe ka magiya. Pinion siloza pakati penipeni pa crown wheel, ili m'munsi pang'ono, choncho mano ake sangokankhana chabe, amatsetserekanso pa anzake akupanikizana kwambiri. Pamafunika mankhwala a sulufule ndi fosifolasi amene amapanga kachikopa pa chitsulo kuti mano asawotcherane. Fungo loipa lija la oyilo wa difu limachokera ku sulufule ameneyu. Giyabokosi zambiri zamanja zimafuna GL-4, chifukwa m'kati mwake muli mphete za mkuwa zothandiza magiya kulowa, ndipo mankhwala ochuluka a GL-5 sagwirizana nazo bwino. Pali mabotolo ena olembedwa zonse ziwiri, koma ngati lanu lalembedwa GL-4 yokha, musalithire m'difu.

Za 85W-140, n'zoona kuti amakhalabe wokhuthala pakatentha kwambiri, ndipo amagwiritsidwa ntchito pa malole ndi galimoto zokoka ngolo zolemera. Koma yang'anani kaye buku la galimoto yanu. Toyota zatsopano zambiri zimalembedwa 75W-85, zakale 90 kapena 80W-90. Ine maganizo anga ndi akuti kwa minibasi, kusintha oyilo woyenera pafupipafupi kumateteza kwambiri kuposa kuthira wokhuthala n'kumuiwala zaka zitatu, chifukwa kutentha kumatopetsa mankhwala aja. Ndiponso ndinene mosabisa kuti difu imatentha mopitirira chifukwa cha katundu wopyola muyeso, ndipo palibe oyilo amene angachotse matumba a nsomba padenga.

Mayi Nabanda, Lilongwe

Ndiwonjezere pang'ono kwa amene galimoto zawo zili ndi difu ya LSD, imene imathandiza kuti tayala limodzi lisamangozungulira lokha m'matope. Nthawi zambiri pamakhala kachikwangwani pafupi ndi pulagi yothirira kolembedwa zimenezo. Kawirikawiri difu yotere imakhala ndi timbale ta kilatchi m'kati ndipo imafuna oyilo wolembedwa LS kapena LSD. Mukathira wamba, mudzamva kumbuyo kukugunda ndi kunjenjemera pokhota pang'onopang'ono. Bambo Mbewe, pukutani matope pa difu yanu muone ngati palibe cholembedwa chotere musanamalize ntchito.

Bambo Mbewe, Kasungu

Abale anga, ndabweranso kudzapereka lipoti. Ndinakankhira galimoto pasimenti ndipo ndinamasula pulagi yothirira. Chala sichinakhudze oyilo mpaka nditachipinda kwambiri, kusonyeza kuti pabwalo paja galimoto inali itatsamira kumbuyo ndipo oyilo anabwerera msanga. Ndinawonjezera pafupifupi kapu imodzi pogwiritsa ntchito payipi yoonekera m'kati, ndinadikira mphindi khumi monga ananenera Bambo Chirwa, ndipo ndinawonjezeranso pang'ono mpaka anayamba kudontha. M'botolo mwatsalabe oyilo, ndipo ndalitseka bwino n'kulisunga. Cholembedwa cha LSD palibe, ndipo botolo ndi la GL-5.

Breather ndinaipeza itaumbidwa ndi dothi lofiira moti kachipewa kake sikankagwedezeka n'komwe. Ndaimasula, ndaitsuka ndi palafini, ndipo tsopano mpweya ukudutsa. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti tsiku lija, pa maginito a pulagi ya pansi panali zinthu zotuwa zomata ngati phala losalala. Ndinapukuta ndisanaganize zofunsa. Kodi ichi ndi chizindikiro chakuti difu yatha? Komanso oyilo wakale uja ali m'beseni, ndipo anyamata akufuna kupaka pa mitengo ya khola kuti isadyedwe ndi chiswe.

A Gondwe, makaniko wa ku Mzuzu

Bambo Mbewe, nkhani yanu yatiphunzitsa kuti kupendekeka kumanamiza mbali zonse ziwiri: mnansi wanu akanakupangitsani kuti mudzaze mopitirira, pamene bwalo lanu linali litakusiyani ndi oyilo woperewera. Za phala lotuwa lija musade nkhawa. Magiya akamagwira ntchito amataya fumbi lachitsulo losalala, ndipo maginito anaikidwa pa pulagi kuti azilisonkhanitsa. Mukalitikita pakati pa zala n'kumva kuti ndi lofewa, palibe vuto. Choopsa ndi tizidutswa tonyezimira tokanda chala, kapena kachidutswa kooneka ngati nsonga ya dzino la giya. Popeza oyilo wakale akadali m'beseni, mutsanulireni pang'onopang'ono m'chigubu ndipo muyang'ane zotsalira pansi pa beseni padzuwa. Mukaona tizitsulo totere, tijambuleni mutitumizire pano.

Pa za khola, ndikudziwa kuti ambiri amapaka, koma ine sindilimbikitsa, chifukwa ziweto zimanyambita mitengo ndipo mvula imakokolera oyiloyo m'nthaka. Chachikulu musamutaye pafupi ndi chitsime kapena m'dimba. Mutsekereni m'chigubu ndipo mukamusiye kugalaja mukadzapita ku boma.

Popeza galimotoyi simukudziwa mbiri yake, ndikulangizani kuti mukayenda ulendo woyamba ndi katundu, mugwade n'kuona ngati mapulagi onse awiri ndi ouma, ndipo pakatha sabata mupisenso chala galimoto ili pasimenti pomwepo. Simunatiuze ngati Hilux yanu imakoka ndi matayala anayi. Ngati ndi choncho, kutsogolo kuli difu ina ndipo pakati pali transfer case (bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), chilichonse ndi pulagi yakeyake yothirira, ndipo n'kutheka kuti nazonso sizinatsegulidwepo chiigulireni.

Bambo Mbewe, Kasungu

Imakokadi ndi matayala anayi, a Gondwe, ndipo kutsogoloko sindinaganizeko n'komwe. Pansi pa beseni ndapezamo fumbi losalala lokhalokha, palibe chokanda chala. Loweruka ndichotsa chitsulo chotchinga pansi pa injini kuti ndifike pa difu ya kutsogolo, ndipo ndiyamba ndi kumasula pulagi ya pamwamba. Bambo Chirwa, ngati pulagi ya kutsogoloyo imafuna sipanala yosiyana ndi soketi ya 24, chonde mundidziwitse lisanafike Lachisanu kuti ndikabwereke kwa mnzanga wa pachigayo.